Wotchi ikuti BP ya amayi ili bwino, ndiye asiya mankhwala

Funso:

Adokotala, ine ndimagwira ntchito ku Johannesburg. Amayi anga, a zaka 68, ali kumudzi ku Dedza ndipo amakhala ndi mdzukulu wawo wa Fomu 3. Akhala ndi BP kwa zaka 6, ndipo chaka chatha anawapezanso ndi shuga. Pa Khirisimasi achimwene anga anawagulira wotchi ija imati imayeza mtima, BP, shuga ndi mpweya. Anaipeza motchipa pashopu ina m'tauni. Amayi aikonda moti savula. Koma sabata yatha mdzukulu uja wandiuza pa WhatsApp kuti agogo asiya kumwa mapiritsi a BP, ati wotchi ikumasonyeza 120/80 tsiku lililonse ndiye achira. Mtima wanga suli m'malo. Kodi mawotchi amenewa amanena zoona? Ndasunga kandalama, ndimafuna ndiwagulire yodula ya Apple kapena Samsung kuti ndiziona thanzi lawo pafoni yanga ndili konkuno. Ndithandizeni.

Naphiri, Johannesburg

Yankho:

Mayi Naphiri, pepani ndi nkhawayi, ndipo mwachita bwino kufunsa ndalama isanatuluke m'thumba. Khazikani mtima pansi kaye. Munthu amene wamwa mankhwala a BP kwa zaka 6 n'kudukiza sabata imodzi kapena ziwiri, kawirikawiri zinthu zimakhala zisanafike poipa, ndipo akayambiranso BP imabwerera pomwe inali. Mdzukulu uja wagwira ntchito yaikulu pokutsinani khutu msanga. Koma foni imbani lero lomwe. Amayi ayambirenso kumwa mapiritsi monga anawalembera m'kabuku ka kuchipatala, ndipo mawa kapena mkuja akayezetse BP ndi shuga komwe amalandirira mankhwala. Anyamule kabukuko, mapiritsi onse amene ali m'nyumba, ndi wotchiyo. Mufunsenso ngati sanasiye ndi a shuga omwe, chifukwa amene wakhulupirira wotchi pa BP amaikhulupiriranso pa shuga.

Poyankhula nawo musawakalipire. Sanachite zopusa ayi. Anamva kuti BP yabwino ndi 120/80, mwana wawo wawagulira chipangizo, chipangizocho chikuti 120/80 m'mawa ndi madzulo. Ndani sangaganize kuti wachira? Zimene sanauzidwe ndi ziwiri. BP si malungo oti ukamaliza mankhwala a masiku atatu ndiye wathana nawo. Ikatsika ndiye kuti mapiritsi akugwira ntchito, matenda akadali pomwepo. Chinanso, nambala ikuoneka pawotchiyo mwina sinachokere m'thupi mwawo n'komwe.

Mukaipeza wotchi yotere, itembenuzeni muone kunsi kwake. Mupeza tinyali tobiriwira tikuphethira, ndi kadiso kakang'ono pambali pake. Tinyalito timawalitsa khungu, kadisoko n'kumaona kuwala kumene kukubwerera. Magazi amameza kuwala kobiriwira. Mtima ukagunda, magazi amadzaza timitsempha ta pamkono ndipo kuwala kobwerera kumachepa. Mtima ukapumira, kumachulukanso. Wotchi imangowerenga kuti zimenezi zachitika kangati pamphindi imodzi, n'kukuuzani kuti mtima ukugunda ka 72. Pantchito imeneyi mawotchi ambiri, ngakhale a mtengo wapakatikati, amachita bwino ndithu munthu akakhala phee. Akamalima, kusinja kapena kuchapa, mkono umagwedezeka, wotchi imaseseleka, manambala n'kusokonekera.

BP ndi nkhani ina. Imeneyi ndi mphamvu imene magazi akukankha nayo makoma a mitsempha, ndipo njira yodalirika yoidziwira popanda kuboola thupi ndi kufinya mtsempha mpaka magazi ataleka kudutsa, kenako kumasula pang'onopang'ono. N'chifukwa chake lamba wa kuchipatala uja amafufuma mpaka kuwawa. Wotchi imene sifinya mkono siyeza mphamvu imeneyi, imangoyerekeza kuchokera ku kaonekedwe ka kugunda kuja. Ndipo zambiri zotchipazi ngakhale kuyerekeza komweko sizichita. Zimatulutsa nambala yokoma imene anaziikira kufakitale, n'kumaisuntha pang'ono kuti ioneke yamoyo: lero 118/79, mawa 122/81.

Ndinaziona ndi maso anga. Bambo wina woyendetsa minibasi anabwera kukiliniki yathu ya BP atavala wotchi yonyezimira, ati abwera kudzatsanzika chifukwa matenda awo atha. Titawayeza ndi lamba tinapeza 176/104. Tinadikira mphindi zisanu n'kuyeza mkono winawo, 172/102. Wotchi nthawi yomweyo inkati 119/78. Anakanitsitsa, ati makina athu ndi okalamba. Patebulo panali nthochi imene namwino wina anasungira nkhomaliro. Ndinapempha wotchi ija, ndinaimanga panthochipo, n'kudina poyezera. Inaganiza kamphindi, kenako inalengeza kuti nthochi ili ndi BP ya 121/80 ndipo mtima wake ukugunda ka 76. Chipinda chonse chinafa nalo phwete, bambo aja nawonso anaseka mpaka misozi, koma potuluka anakaima pamzere wa mankhwala. Muuzeni mdzukulu ayese zomwezo agogo ake akuona: nthochi, chitsononkho, mwendo wa mpando. Wotchi ikapereka BP ya chitsononkho, mkangano watha. Ikakana kuyeza nthochi musathamangire kuikhulupirira. Akaiyerekeze ndi lamba wa kuchipatala, pamkono womwewo, mphindi yomweyo.

Nanga zodulazo? Zili bwinoko, koma mverani zimene eni akewo amanena. Mawotchi a Samsung Galaxy Watch oyeza BP amafuna kuti muziwalinganiza ndi makina a lamba masabata anayi alionse, apo ayi amakana kuyeza. Ndiye kuti lamba uja mumugulabe basi. Apple Watch sipereka nambala ya BP n'komwe. Chimene inayamba mu 2025 ndi kuchenjeza chabe: imatsatira kagundidwe ka mitsempha kwa masiku 30, ikaona zokayikitsa imakuuzani kuti mukayezetse ndi lamba. Chenjezo limenelo analikonzera anthu amene sanapezekepo ndi BP, osati odwala kale ngati amayi anu. Alipo mawotchi ochepa, monga Omron HeartGuide ndi Huawei Watch D, amene lamba wake amafufuma n'kufinya mkono ngati makina enieni. Amenewo amayezadi, koma ndalama yake mungagulire makina wamba angapo. Komanso kuyezera pafupi ndi chikhatho kumafuna dzanja likhale molingana ndi mtima ndendende. Likagwera pantchafu nambala imakwera, likakwera kuposa mtima nambala imatsika, ndipo achikulire ambiri amene ndawaona sazikumbukira zimenezi.

Pa shuga ndisazungulire. Mu Febuluwale 2024 bungwe la FDA, loona za mankhwala ndi zipangizo za chipatala ku America, linachita kutulutsa chenjezo kuti anthu asagwiritse ntchito mawotchi kapena mphete zimene zimati zimayeza shuga popanda kuboola khungu, kaya wapanga ndani, ndipo linati silinavomerezepo ngakhale imodzi. Ngozi yake apa ndi yachangu kuposa ya BP. Ngati amayi akumwa mapiritsi a shuga otchedwa glibenclamide, kapena adzayamba kubaya insulin, shuga akhoza kutsika mopyola muyeso, kufika pansi pa 70 pamakina owerenga mu mg/dL, kapena 3.9 pa owerenga mu mmol/L. Munthu amatuluka thukuta lozizira, amanjenjemera, amamva njala yoopsa, amayankhula zosamveka ngati waledzera. Pamenepo akufunika masupuni ang'onoang'ono atatu kapena anayi a shuga wa m'tiyi osungunula m'madzi, nthawi yomweyo, kenako chakudya. Akakomoka osamumwetsa kanthu, n'kuthamanga naye kuchipatala. Tangoganizani mdzukulu akuyang'ana wotchi, wotchi ikuti 5.5, iye n'kumati agogo angotopa, asiyeni agone.

Zilipo zipangizo zovala zimene zimayezadi shuga, koma si mawotchi. Chodziwika kwambiri ndi FreeStyle Libre ya kampani ya Abbott, kachinthu kozungulira ngati ndalama yachitsulo kamene amakamata kuseri kwa mkono, chakumtunda. Kunsi kwake kuli kaulusi kopyapyala kolowa m'khungu, kamene kamayeza shuga m'madzi a m'thupi usana ndi usiku, foni n'kumawerenga. Kamodzi kamakhala masiku 14, kenako mumataya n'kumata kena; kena kotere kotchedwa Dexcom G7 ndi masiku 10. Nambala yake imatsalira m'mbuyo mwa ya m'magazi ndi mphindi zingapo, choncho shuga akamatsika mothamanga timabayabe chala. Kwa mwana wobaya insulin kangapo patsiku, kapena munthu amene shuga amamutsikira ali m'tulo iye osamva, kachipangizoka kamapulumutsa moyo. Kwa amayi anu, ngati ali pamapiritsi okha, sindikuona chifukwa chogulira tiwiri mwezi ndi mwezi mpaka kalekale. Ndalama imeneyo igule makina wamba obaya chala ndi timapepala take tokwanira. Makina ambiri a shuga amene ndawapeza m'makomo akungokhala m'kabati chifukwa timapepala tinatha ndipo mtundu wake supezeka kufupi, ndiye musanagule funsani kaye timene timagulitsidwa ku Dedza kapena ku Lilongwe.

Tsopano za mpweya, zimene zimandikhudza kwambiri chifukwa zikukhudza khungu lathuli. Poyeza okosijeni, wotchi kapena kachipangizo kopana chala kamene tinakazolowera nthawi ya Covid-19 kamagwiritsa ntchito kuwala kofiira ndi kwina kosaoneka ndi maso, popeza magazi odzaza mpweya ndi magazi operewera mpweya amameza kuwala kumeneku mosiyana. Vuto ndi lakuti khungu lakuda nalo limameza. Mu Disembala 2020 madokotala a ku University of Michigan anasindikiza kafukufuku mu New England Journal of Medicine, atayerekeza nambala ya pachala ndi ya magazi otengedwa mumtsempha. Pamene chala chinkasonyeza 92 mpaka 96, mpweya weniweni unali pansi pa 88 mwa odwala akuda pafupifupi 12 pa 100 alionse, koma mwa azungu osafika 4. Kachipangizoka kakalakwitsa pa ife, kamalakwitsa motilimbitsa mtima, kutiuza kuti zili bwino zisali bwino. Amenewo anali makina a m'chipatala. Wotchi ya pamkono, pomwe pali fupa ndi timitsempha tochepa, imaphonya kuposa apo.

Pali zinanso zonamiza nambalayi, ndipo zonse ndi za kwathu konkuno. Zala zozizira, monga mmene Dedza imachitira mu Juni ndi Julaye, zimapangitsa kachipangizo kulephera kapena kupereka nambala yotsika. Kyutekisi wakuda pazikhadabo chimodzimodzi. Munthu wochepa magazi kwambiri akhoza kusonyeza 98 ali wefuwefu, chifukwa timagazi tochepato tadzaza mpweya koma sitikukwanira thupi. Choopsa kwambiri ndi mbaula. Makala oyaka m'nyumba yotseka amatulutsa mpweya wopanda fungo wotchedwa carbon monoxide, umene umakakamira m'magazi pamalo pa okosijeni, ndipo kachipangizo kamauwerenga ngati okosijeni. Banja lonse likhoza kudzuka ndi mutu, chizungulire ndi nseru, chala chikuti 98. Chimene ndimaphunzitsa achinyamata obwera kudzaphunzira ntchito ndi ichi: nambala yotsika ikhulupirireni, makamaka ikamabwerezabwereza pansi pa 92 zala zili zofunda, nambala yabwino ikayikireni ngati munthu akubanika kapena akulephera kumaliza chiganizo.

Ndisaoneke ngati ndimadana nawo mawotchiwa, inenso ndimavala. Pali chinthu chimodzi chimene abwinoabwino amachita chomwe ife kuchipatala chimatipulumuka, ndicho kugwira mtima wogunda mosokonekera umene umabwera n'kupita. Vutoli timalitcha atrial fibrillation. Zipinda zakumtunda za mtima zimangonjenjemera m'malo mofinya bwinobwino, magazi amadikha m'menemo n'kuundana, ndipo kachibuma kakathothoka kamakatseka mtsempha wa mu ubongo. Limachulukitsa mpata wa sitiroko pafupifupi kasanu, limakonda achikulire a BP, ndipo limadziwa kubisala tsiku limene mwabwera kuchipatala. Poligwira timaveka wodwala makina otchedwa Holter kwa maola 24 kapena 48. Dzinali ndi la Norman Holter wa ku Montana, amene makina ake oyamba, m'zaka za m'ma 1940, anali katundu wobereka kumsana wolemera makilogalamu pafupifupi 38, ngati thumba la chimanga losadzaza bwino. Lero Apple Watch, kuyambira Series 4 ya mu 2018, imajambula ECG, chithunzi cha kagundidwe ka mtima, mukangogwira kabatani ka m'mbali ndi chala kwa masekondi 30.

Luso la wotchi lozindikira mtima wosokonekera analiyesa pa anthu ambirimbiri. Kafukufuku wotchedwa Apple Heart Study, amene anachitika ndi Stanford University ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2019, anali ndi anthu oposa 419,000. Amene analandira chenjezo la mtima wosokonekera anali pafupifupi mmodzi mwa 200 alionse. Mwa amene pambuyo pake anamatidwa chipangizo chenicheni cha ECG kwa masiku angapo, pafupifupi mmodzi mwa atatu anapezekadi ndi vutoli. Ine ndimati zimenezi n'zabwino, chifukwa ena mwa anthuwo akanadzadziwira pasitiroko. Koma zikutanthauzanso kuti chenjezo la wotchi limangokutumizani kukayezetsa, silikuuzani mankhwala oti mumwe. Ndipo ECG ya wotchi imauona mtima mbali imodzi, pomwe ya kuchipatala imauona mbali 12. Mtsempha wodyetsa mtima ukatsekeka wotchi singadalirike kukuuzani. Chifuwa chikamapweteka ngati wina wakusanjikani mwala, si nthawi yodinadina wotchi. Ndionjezere kuti makina ambiri a BP a lamba nawo amaonetsa kachizindikiro mtima ukamagunda mosalongosoka, ndipo zala ziwiri zoika pamtsempha kwa mphindi yathunthu zimaumva mtima wodumphadumpha popanda kulipira kanthu.

Kugunda kwa mtima munthu atapuma kumakhala pakati pa 60 ndi 100 pamphindi. Chothandiza pawotchi si nambala ya lero yokha, koma kusintha. Munthu amene masiku onse amakhala pa 68 n'kupezeka pa 92 masiku atatu otsatizana, pali chimene chikumuyamba: malungo, kuchepa madzi m'thupi, kuchepa magazi. Za masitepe 10,000 patsiku musavutike nazo. Nambala imeneyo inachokera ku dzina la kachipangizo kowerenga masitepe kotchedwa Manpo-kei kamene kanagulitsidwa ku Japan mu 1965. Kafukufuku wa mu 2019 pa amayi achikulire a ku America anapeza kuti oyenda masitepe pafupifupi 4,400 patsiku ankamwalira mocheperapo kuposa oyenda 2,700, ndipo phindu linkaleka kukwera cha pa 7,500. Mayi wa kumudzi wopita kudimba, kumjigo ndi kutchalitchi sakusowa womuwerengera.

Tibwere ku khumbo lanu loona thanzi la amayi muli ku Joni. N'zotheka, koma onani zimene zikufunika. Apple Watch imafuna iPhone, ndipo batire la mitundu yambiri limakhala pafupifupi maola 18, ndiye kutchaja tsiku ndi tsiku. Ya Samsung imafuna foni ya Samsung Galaxy kuti BP ndi ECG zigwire. Foniyo ikhale pafupi, ikhale ndi moto, ikhale ndi bandulo, netiweki isathawe. Ntchito zina monga ECG amazitsegula m'mayiko okhawo amene boma lavomereza, choncho musaganize kuti zonse zolembedwa pakatoni zikagwira kulikonse. Ndipo mawotchi amene amazindikira munthu akagwa n'kuimba nambala ya ngozi anawapangira malo amene ukaimba ambulansi imabweradi pakhomo. Funso limene ndimafunsa ana onse a kunja ndi ili: chenjezo likalira pafoni yanu 2 koloko usiku, muimbira ndani? Pamudzipo ali ndi njinga yamoto ndani? Mdzukulu ali ndi nambala ya wakabaza wodalirika, ya mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, ya neba woti angadzuke? Pali kandalama ka mayendedwe kosungidwa kosakhudzidwa? Zimenezi zikonzeni sabata ino, wotchi mugule kapena musagule.

Palinso mtengo wina umene sulembedwa pakatoni. Mayi wina, mphunzitsi wa zaka za m'ma 40, anandipeza maso ali gwa, ati mtima wake wawonongeka. Ankadzuka kanayi usiku kuyang'ana wotchi. Akaona 88 amachita mantha, mantha amakweza mtima kufika 105, wotchi imasonyeza 105, mantha n'kuwirikiza. Tinamuyeza zonse, mtima unalibe vuto. Chimene ndinamulembera m'kabuku ndi kuvula wotchi ikakwana 8 koloko madzulo n'kuitsekera m'dirowa. Walira mvula walira matope: mukafuna kuona manambala a amayi ola lililonse, konzekani kumaimba foni mtima uli m'mwamba kufunsa chifukwa chake wafika 110, pomwe iwo akungochokera kotunga madzi. Komanso amayi ndi munthu wamkulu. Afunseni ngati akufuna kuti mwana wawo azidziwa nthawi imene agona ndi imene adzuka, ndipo dziwani kuti zonsezo zimakasungidwanso kumakompyuta a kampani yopanga wotchiyo.

Ndikanakhala ine, kandalamako ndikanagula makina a BP a lamba womanga kumtunda kwa chigongono, odzipopa okha, oyendera mabatire wamba opezeka pagolosale. M'mafamase akuluakulu a ku South Africa amapezeka. Omron ndi Microlife ndi maina odziwika, koma ngakhale apo onani pa intaneti ngati mtundu womwe mwasankhawo uli pamndandanda wa STRIDE BP, pomwe amalemba makina amene anayesedwa n'kupezeka olondola. Musanagule, mdzukulu ayeze mkono wa agogo ndi tepi ya telala, pakati pa phewa ndi chigongono. Lamba wamba amakwana mkono wa masentimita 22 mpaka 32. Ukaposa apo gulani wamkulu, chifukwa lamba wothina amakweza nambala ndipo munthu amaonjezeredwa mankhwala pachabe.

Kayezedwe kake ndi kumene anthu ambiri amaphonya. Amayi ayambe ataya madzi, akhale pampando wotsamira mphindi zisanu, mapazi onse pansi osapingasa miyendo. Pakhale patadutsa mphindi 30 chimwereni tiyi kapena khofi, ndipo ngati amanunkhiza fodya wa pamphuno, nayenso adikire. Mkono ugone patebulo molingana ndi mtima, lamba akhale pakhungu osati pajuzi, ndipo pakamwa patsekedwe mpaka makina atamaliza, ngakhale mlendo ataodira. Ayeze kawiri, n'kusiyanitsa ndi mphindi imodzi. Sabata yoti apita kukiliniki ayeze m'mawa asanamwe mapiritsi ndi madzulo, masiku 7 otsatizana. Masabata ena onse kamodzi kapena kawiri n'kokwanira. Manambala a kunyumba akamakhala pa 135/85 kapena kuposa, BP sinagonje. Kuchipatala malire timaika pa 140/90 chifukwa munthu akaona yunifolomu yoyera imakwerako. Nambala imodzi yokwera itatha maliro kapena mkangano isakusowetseni tulo, timayang'ana za sabata yonse.

Ndiye mugule kope la masamba 40 ndi bolopeni. Mdzukulu azilemba tsiku, nthawi, manambala, ndi chizindikiro choti mapiritsi amwedwa. Lamlungu madzulo ajambule tsambalo akutumizireni pa WhatsApp. Kuona muli kutali kumene mukufuna kuja ndi kumeneku, ndipo magetsi akathima kope silizima. Ine wodwala akanditulutsira kope lotere pamzere wa anthu 80, pomwe aliyense ndili naye mphindi zitatu, ndimadziwa pompo ngati ndionjezere mankhwala kapena ndisiye momwemo. Makinawo aziwatenga kuchipatala kamodzi pachaka tikawayerekeze ndi athu. Ndikuchenjezeni chabe kuti akangofika pamudzi sakhala a amayi okha. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu m'Malawi muno anali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa, ndiye anzawo a kumvano ndi a m'mudzi adzabwera kudzayezetsa. Asawakanize; mungotumiza mabatire apadera.

Nthawi yothamangira kuchipatala aidziwe onse awiri, agogo ndi mdzukulu. BP ikafika 180/120, apume mphindi zisanu ayezenso. Ikakhala pomwepo apite tsiku lomwelo, ndipo ngati pali mutu woopsa, kuona zachimbuuzi, kupweteka pachifuwa, kubanika kapena kusokonezeka maganizo, anyamuke nthawi yomweyo ngakhale ndi usiku. Pakamwa pakapotoka, mkono kapena mwendo umodzi ukafooka, mawu akayamba kulemera, imeneyo ndi sitiroko. Osayeza chilichonse, osadikira kuche, osayamba kwa asing'anga. Shuga akatsika pansi pa 70 n'kukana kukwera mutawamwetsa kawiri, kapena akapyola 300 limodzi ndi ludzu losatha, kusanza kapena kuodzera, apite. Mtima ukamagunda kuposa 120 atangokhala, kapena ukatsika pansi pa 50 n'kumamva chizungulire kapena kukomoka, apite. Chilonda cha kuphazi mwa munthu wa shuga, ngakhale chaching'ono ngati cha minga, chisagonetse masiku. Ndipo BP ikamatsika pansi pa 90/60 amayi n'kumaona mdima akaimirira, asasiye okha mankhwala, akatiuze, tichepetsa.

Chomaliza chimene ndikufuna muchifufuze mofatsa ndi chifukwa chenicheni chimene asiyira. Pazaka zanga pantchitoyi, wodwala akati ndasiya chifukwa ndachira, kawirikawiri pansi pake pamakhala china chimene akuchita nacho manyazi kapena watopa nacho. Hydrochlorothiazide amakodzetsa pafupipafupi, ndipo mayi wamkulu safuna kutulukatuluka m'tchalitchi kapena pamaliro. Amlodipine amatupitsa akakolo. Enalapril amapatsa ena chifuwa chouma chosamva mankhwala. Ena amatopa ndi ulendo wa mwezi ndi mwezi, kukafika n'kumva kuti mankhwala kulibe. Wotchi ija mwina yangowapatsa ponamizira. Afunseni ngati mwana wawo, osati ngati wapolisi, kuti mapiritsiwo amawatani m'thupi, chifukwa onsewa ali ndi anzake oti tingasinthe, ndipo ngati vuto ndi kusowa kwa mankhwala, kandalama kotsala kaja kakhoza kugula a mwezi umodzi osungira.

Ngati pambuyo pa zonsezi adokotala awo amva mtima wodumphadumpha, kapena amayi ayamba kugwaigwa, mundilemberenso ndi maina a mankhwala awo tione ngati wotchi yodula ingathandize. Ya achimwene anuyo musawalande, ndi mphatso ya mwana wawo ndipo mungayambitse nkhani ina pabanja. Ikatha kuyeza nthochi ija, mdzukulu aitchere alamu ya 7 koloko m'mawa, ikalira agogo azimwa mapiritsi.